Zinyumba za eni migodi ku Parktown: anazigwetsa ndani, ndipo zinalakwa chiyani?

Aliyense amene anakhalako ku Joni amachidziwa chipatala cha Charlotte Maxeke, chimake cha konkire chija chinakhala pamwamba pa chitunda cha Parktown. Umachiona uli kutali ukamayenda pa msewu wa M1, wa kumeneko, osati wathu uja wodutsa pa Dedza ndi pa Kasungu. Amalawi ambiri akhalapo pa mzere pachipatala chimenechi. Ochepa ndi amene amadziwa kuti kale pamalopo panali nyumba ya banja limodzi, dzina lake Hohenheim, ndipo kuti anaigumula mu 1972 kuti chipatalacho chipeze malo.

Hohenheim sinagwe yokha. Kuchokera m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, Parktown inataya gawo lalikulu la zinyumba zimene eni migodi ya golide anamanga mzinda wa Johannesburg uli wakhanda. Nkhani zotere zikamveka, anthu amathamangira kuloza chala amalonda adyera, ati ndiwo amaona ndalama pamene ena akuona mbiri. Ku Parktown amalondawo anabwera mochedwa. Amene anayamba, ndiponso amene anagwetsa zambiri, ndi boma. Komabe ngakhale bomalo silikanachita zimenezi mosavuta chikhala kuti nyumbazo zinali zisanafooke kale, ndipo chimene chinazifooketsa si chiswe kapena mvula.

Golide anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886. Pasanathe zaka khumi, pamene panali tchire panali mzinda wa fumbi, phokoso la zigayo zophwanya miyala usiku ndi usana, ndi anthu ochokera kulikonse. Olemera oyamba anamanga ku Doornfontein, pafupi ndi tauni. Sanakhaleko nthawi yaitali. Fumbi la milu ya dothi la m'migodi linkawapeza, ndipo mzinda unkawayandikira ndi mashopu, mabala ndi anthu wamba.

Kumpoto kwa tauni kuli chitunda cha miyala. Ukaima pamwamba pake n'kufulatira migodi, maso amafika kutali mpaka ku mapiri a Magaliesberg. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti Florence Phillips, mkazi wa Lionel Phillips, ndiye anawaona malowa akuyenda pa hatchi, n'kumuuza mwamuna wake kuti amange pamenepo. Phillips anali mmodzi wa akuluakulu a kampani ya H. Eckstein & Co., imene anthu ankangoitchula kuti Corner House, ndipo malowo anali kale m'manja mwa anzake a kampaniyo. Ntchito yomanga Hohenheim inayamba mu 1892, mapulani atajambula Frank Emley. Kumunsi kwa chitunda kampaniyo inali itadzala nkhalango ya Sachsenwald kuti ipeze mitengo yochirikizira migodi, choncho wokhala pakhonde ankaona zobiriwira zokhazokha. Migodi imene inkalipira zonsezi inali kumbuyo, kosaoneka. Umo ndi mmene Parktown anaikonzera kuyambira pachiyambi.

Ena anatsatira. Hennen Jennings, injiniya wa migodi wochokera ku America, anamanga Sunnyside, imene pambuyo pake inadzakhala nyumba ya Lord Milner, mkulu woimira boma la Britain, nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu imene inayamba mu 1899. Thomas Cullinan anamanga The View; ndi Cullinan yemwe uja dzina lake linapita pa dayamondi wamkulu wa makarati 3,106 amene anapezeka ku mgodi wa Premier mu 1905. Mu 1902, chaka chimene nkhondoyo inatha, kunafika Herbert Baker, wojambula mapulani amene pambuyo pake anadzajambula Union Buildings ku Pretoria. Iye anayamba ndi nyumba yake, Stonehouse, pogwiritsa ntchito miyala yoswedwa pachitunda pomwepo, kenako anajambula Northwards mu 1904 ndi zina zambiri. Banja la Phillips litabwerako ku England linamangitsa ina, Villa Arcadia, cha m'ma 1909, mapulani akenso a Baker.

Nyumba zimenezi sizinali zogonamo chabe. Mu Hohenheim ndi mmene eni migodi ankakumana mu 1895 kupangana zogwetsa boma la Paul Kruger, pulezidenti wa dziko la Mabunu la Transvaal, chiwembu chimene chinathera mu manyazi a Jameson Raid kumayambiriro kwa 1896, pamene gulu la zida lobwera kudzawathandiza linagonja kwa Mabunu. Phillips anagamulidwa kuti aphedwe, koma chilangocho chinasinthidwa, n'kumaliza ndi chindapusa cha mapaundi 25,000. Pambuyo pake m'nyumbamo munakhala Percy FitzPatrick, mnzake wa pa chiwembu chomwecho. Ndiye pamene makatapila ankaigwetsa mu 1972, ankagwetsa chipinda chimene munakambidwa zinthu zothandiza kuyatsa nkhondo ya 1899.

Tsono chinachitika n'chiyani kuti nyumba zolimba chonchi zisafike ngakhale zaka 80?

Choyamba n'chakuti eni ake ambiri sankaiona Johannesburg ngati kwawo. Inali malo okumba ndalama. Mpondamatiki akakhuta, maso ake ankaloza ku London, makamaka msewu wa Park Lane, kumene Alfred Beit, Barney Barnato ndi J.B. Robinson anakapeza zinyumba zawo. Ena chuma chinawathawa ali pomwepo. John Dale Lace ndi mkazi wake José, amene amakumbukiridwa chifukwa choyenda m'tauni pa ngolo yokokedwa ndi mbidzi, sanakhalitse mu Northwards. Ndalama zitawathera nyumbayo inapita kwa George Albu, mwini migodi wina. Nyumba zambiri zinasintha manja m'badwo woyamba usanathe. Panalibe agogo oikidwa pafupi, panalibe mzere wa ana ndi zidzukulu woti n'kunena kuti pano ndi pathu, sitichoka.

Chachiwiri n'chimene ambiri okonda nyumbazi sakonda kuchitchula. Nyumba ya zipinda 30 kapena 40 siyenda yokha. Imafuna khukhi, woperekera zakudya, wochapa, wokoleza moto m'zipinda, wosamalira mahatchi, mlonda, ndi gulu la amuna osamalira maluwa ndi kapinga pa maekala angapo. Inamangidwa poganiza kuti manja otsika mtengo sadzatha. Kutsogolo kunali khonde lalikulu ndi masitepe a matabwa osemedwa. Kuseri kunali timanyumba topanikiza ta antchito. Ngakhale m'dziko limene malipiro a munthu wakuda ankaponderezedwa ndi lamulo, inafika nthawi imene mdzukulu wa mwini nyumba, amene mwina anali dokotala kapena loya chabe, sakanakwanitsa kusunga gulu lonselo, kukonza denga, ndi kulipira msonkho wa malo ku khonsolo. Ana akakhala anayi kapena asanu, nyumba sigawika, koma ndalama imagawika. Wolandira cholowa chotere amayamba kumvetsera aliyense wobwera ndi cheke.

N'chifukwa chake zambiri zinasiya kukhala nyumba za mabanja kalekale makatapila asanabwere. Hohenheim inasanduka malo opumulirako odwala otuluka m'chipatala, pansi pa dzina la Otto Beit. Villa Arcadia inakhala nyumba ya ana amasiye a Chiyuda kuyambira kumayambiriro kwa ma 1920. Zina zinasanduka mahositelo a ophunzira, nyumba zosungira okalamba, kapena malo ochitira lendi chipinda ndi chipinda. Olemera atsopano anali atasunthira chakumpoto, ku Houghton, Saxonwold, kenako Hyde Park ndi Sandhurst. Galimoto inachititsa kuti kukhala pafupi ndi tauni kusakhalenso chinthu chonyadira. Nayonso tauni inali ikukwera chitunda: Hillbrow, woyandikana ndi Parktown, anadzaza ndi mafulati osanjikizana m'ma 1950 ndi m'ma 1960.

Apa ndi pamene masamu a malo amatembenuka. Mtengo wa puloti umadalira chimene lamulo likulola kumangapo. Ngati palolezedwa nyumba imodzi ya banja limodzi, mtengo wake ndi wa nyumba imodzi. Khonsolo ikangosintha n'kulola maofesi osanjikiza kanayi kapena kasanu, dothi lomwelo limakwera mtengo kangapo usiku umodzi, ndipo chinyumba chokhala pamwamba pake chimasanduka chopinga. Msonkho nawo umatsatira mtengo watsopanowo, choncho ngakhale mwini amene safuna kugulitsa amakakamizika. Woyandikana naye akagulitsa, pamamera ofesi ndi malo oimika magalimoto, ndipo amene watsala amaona kuti sakukhalanso m'dera la nyumba. Zikayamba zimayenda ngati moto wa lupsa, puloti ndi puloti.

Koma nkhwangwa yaikulu inali m'manja mwa boma. Maboma amakonda malo onga Parktown pa chifukwa chosavuta kumva: mapuloti ndi aakulu, eni ake ndi ochepa, ndipo malowo ali pafupi ndi pakati pa mzinda. Kupeza maekala ambiri m'dera la tinyumba ting'onoting'ono kumafuna kukambirana ndi mabanja mazanamazana. Ku Parktown kunkafunika makalata ochepa chabe. Lamulo linkalola boma kulanda malo pa ntchito zokomera anthu n'kupereka chipukuta misozi, ndipo eni ena, otopa ndi madenga odontha, anachilandira ndi manja awiri. Chakumapeto kwa ma 1960 nyumba zoposa 50 zinagwetsedwa kuti pamangidwe Johannesburg College of Education, koleji ya aphunzitsi imene lero ili pansi pa yunivesite ya Wits. Kenako kunabwera chipatala, chimene chinadya Hohenheim ndi malo ozungulira, n'kutsegulidwa chakumapeto kwa ma 1970. Msewu wa M1 nawo unang'amba chitundacho pakati, kugwetsa nyumba zina ndi kudula minda ya maluwa ya zimene zinatsala. Maofesi a makampani anadzatolera zotsala m'ma 1970 ndi m'ma 1980.

Pali anthu amene amakhulupirira kuti panalinso kachidani. Boma la National Party, limene linalowa mu 1948, linakulira m'ndale zodana ndi eni migodi olankhula Chingerezi, amene Mabunu ambiri ankawaona kuti ndiwo anabweretsa nkhondo ya 1899 ndi mavuto ake onse. Kwa nduna ya ku Pretoria, Hohenheim inali nyumba imene munapanganidwa chiwembu chogwetsa Kruger, osati chuma cha fuko. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa ali ndi mbali yake, koma asamakokomezedwe. Khonsolo ya Johannesburg, imene inakonza misewu ikuluikulu ya mzindawo, inali m'manja mwa United Party, chipani chimene olankhula Chingerezi ambiri ankavotera. Komanso zaka zimenezo mizinda yambiri padziko inkachita zomwezo. New York inali itagwetsa kale zinyumba za banja la Vanderbilt pa Fifth Avenue m'ma 1920, ndipo inagumula siteshoni yake yotchuka ya Pennsylvania mu 1963 popanda Mbunu aliyense. Inali nthawi imene chakale chinkaoneka chauve, konkire ndi galasi zinkatchedwa chitukuko. Chidani mwina sichinagwetse nyumbazo, koma chinathandiza kuti pasapezeke wozimvera chisoni m'maofesi a boma.

Tisaiwale kuti "ntchito zokomera anthu" za nthawi imeneyo zinali zokomera anthu ena. Koleji ija inali ya aphunzitsi achizungu. Chipatala chija chinamangidwira azungu. Wakuda wodwala ankalozedwa ku Baragwanath kapena zipatala zina zopatulidwira iye. Dzina la Charlotte Maxeke, mayi woyamba wachikuda wa ku South Africa kupeza digiri, linadzaikidwa mu 2008.

Lamulo loteteza zakale linalipo, koma linali lopanda mano pa nkhani ngati iyi. Pansi pa National Monuments Act ya 1969, nyumba inkatetezedwa ikalengezedwa payokha kuti ndi chikumbutso cha dziko, ndipo olengezawo mtima wawo unali pa nyumba zakale za ku Cape, malo a nkhondo ndi mbiri ya Mabunu. Nyumba ya 1900 ku Johannesburg inkaoneka ya dzulodzulo. Amene anasintha zinthu ndi anthu okhala m'deralo. Flo Bird ndi anzake anayamba kulimbana ndi mapulani a khonsolo ndi a boma la chigawo, kulemba mbiri ya nyumba iliyonse, ndi kuyendetsa alendo m'misewu ya Parktown kuti aone zimene zikutha. Ntchito yawo inabala Parktown and Westcliff Heritage Trust m'ma 1980, imene mu 2012 inakula n'kukhala Johannesburg Heritage Foundation. Zikwangwani zobiriwira ngati thambo, zozungulira, zimene zimaoneka pa mipanda ya nyumba zakale mumzindamo, zambiri ndi ntchito ya anthu amenewa mogwirizana ndi khonsolo.

Zimene zinapulumuka zimatiuza zambiri kuposa zimene zinagwa. Sizinapulumuke chifukwa chokongola kuposa zinzake. Pafupifupi iliyonse inapeza mwini watsopano wokhala ndi thumba lakuya komanso chifukwa choisungira. The View, imene imatchulidwa kuti ndiyo yakale kwambiri mwa zotsala, inakhala likulu la gulu la asilikali la Transvaal Scottish. Sunnyside ndi hotela. Villa Arcadia, ana amasiye atachoka, inagulidwa ndi kampani ya inshuwalansi ya Hollard, imene inaikonza n'kumanga maofesi ake m'mbali. Northwards ili m'manja mwa bungwe loisamalira, ndipo mumachitika makonsati ndi misonkhano. Yunivesite ya Wits ili ndi zingapo, kuphatikizapo Savernake, nyumba ya mkulu wa yunivesiteyo. Brenthurst inakhalabe ya banja chifukwa banjalo ndi la Oppenheimer, limene linaigula m'ma 1920 ndipo ndalama sizinalithawe. Pali zodandaulitsa pa njira imeneyi: munda wa maluwa umasanduka poimika magalimoto, nyumba imatsala yokha pakati pa maofesi, ndipo munthu wamba amaiona kudzera pa geti ya mlonda. Komabe ndi yokhayo imene yagwira ntchito.

Mwina wina afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Funsolo ndi lomveka, ndipo anthu akuda a ku South Africa amalifunsa mokweza kuposa ife. Zaka zomwe zija, boma lomwelo linagumula Sophiatown kuyambira mu 1955, kukweza anthu zikwizikwi pa malole kupita nawo ku Meadowlands, n'kumanga dera la azungu lotchedwa Triomf pa zibuma zawo. Eni nyumba a ku Parktown anachoka ndi cheke m'thumba. A ku Sophiatown anachoka apolisi ali pakhomo. Kuika zinthu ziwirizi pa sikelo imodzi n'kunyoza anthu. Ndipo ngati funso lili lakuti chofunika n'chiti, chipatala chothandiza anthu ambirimbiri kapena nyumba ya banja limodzi, yankho silivuta. Vuto ndi lakuti funso silinali limenelo. Johannesburg ya 1970 sinkasowa malo. Chipatala chikanamangidwa popanda kugwetsa Hohenheim. Kungoti palibe amene anaona chifukwa chodzivutitsira.

Chifukwa changa chodandaulira nyumbazi n'chosiyana ndi cha okonda masitepe osemedwa. Ndi umboni wa kumene ndalama za golide zinapita. Pamene zinkamangidwa, ambiri mwa amuna olowa pansi anali ochokera kumwera kwa Mozambique, ndipo pakati pa 1904 ndi 1910 munalinso Matchaina oposa 60,000. A kwathu anayamba kulembedwa ndi Wenela cha m'ma 1903. Chibayo chinawapha ambiri mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumadera otentha a kumpoto, chiletso chimene chinachotsedwa m'ma 1930. Ena ankapitabe okha, wapansi, mmodzi mwa iwo Kamuzu Banda, amene anagwirako ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg ali mnyamata. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko, mpaka ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown pa 4 April 1974, imene inapha Amalawi 74, inachititsa Kamuzu yemweyo kuimitsa kulemba anthu. Ndipo si m'migodi mokha: amuna a ku Nyasaland anali odziwika m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya azungu a kumpoto kwa Johannesburg. Ena mwa matchona amene mayina awo amatchulidwabe kumudzi anakalambira m'timanyumba takuseri tija.

Munthu akaima m'holo ya Northwards, kenako n'kupita ku Workers' Museum ku Newtown, amamvetsa Johannesburg bwino kuposa wowerenga mabuku atatu. Malo a ku Newtown ndi komboni ya antchito a khonsolo, yomangidwa mu 1913, mmene amuna ankagona mothithikana pa mashelufu a konkire, ndi kachipinda kotsekeramo olakwa pambali. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi makilomita ochepa. Makomboni ambiri a m'migodi anaphwasulidwa popanda ngakhale wolemba dandaulo m'nyuzipepala. Tikataya mbali zonse ziwiri, chotsala ndi nkhani yapakamwa imene aliyense angaikane.

Lero lamulo ndi lolimba kuposa kale. National Heritage Resources Act ya 1999, mu gawo 34, imaletsa kugumula kapena kusintha chomanga chilichonse chimene chapitirira zaka 60 popanda chilolezo cha bungwe la chigawo loona za zakale. Ku Gauteng bungwelo limadziwika ndi dzina lachidule la PHRAG. Sipafunikanso kuti nyumba ilengezedwe payokha, msinkhu wokha ndi wokwanira kuti mwini akapemphe kaye. Izi sizitanthauza kuti chilolezo sichiperekedwa, ndipo sizitanthauza kuti aliyense amadikira. Mu 2008 nyumba zakale za Rand Steam Laundries ku Richmond, pafupi ndi Parktown, zinagumulidwa zili pansi pa chitetezo. Anthu anachita phokoso kwa zaka zambiri, ndipo mapeto ake zinamangidwanso motengera zakalezo n'kutsegulidwa ngati malo a mashopu mu 2019. Chinamangidwacho ndi chofanizira chabe, koma uthenga unamveka kwa ena ofuna kuchita zomwezo.

Ndiye njira yogwetsera yasintha. Mwini amene wakanizidwa chilolezo safunika katapila. Amangochotsa mlonda. Akuba amazula mawaya a kopa, mapaipi, zitseko ndi matabwa a pansi. Denga likaboola mvula imamaliza. Anthu osowa pokhala amalowa, amasonkha moto m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo tsiku lina nyumba imapsa. Zikatero injiniya amalemba kuti chotsalacho n'choopsa, chilolezo chimatuluka. Kutsimikiza kuti mwini anachita dala n'kovuta, ndipo nthawi zina mwiniyo ndi nthambi ya boma imene ilibe ndalama zokonzera ngakhale maofesi ake. Makampani ambiri nawo anasamukira ku Sandton ndi Rosebank, msika wa masheya wa JSE unapita ku Sandton mu 2000, kotero ogula amene angasandutse chinyumba chakale kukhala likulu lawo sachuluka monga kale.

Palinso kanthu kena kamene olemba lamulo la zaka 60 mwina ankakadziwa: mzere wake umayenda chaka ndi chaka. Zomanga za konkire za chakumapeto kwa ma 1960, zimene zinamera pa zibuma za zinyumba za eni migodi, zikulowa mu chitetezo chomwecho zaka zino. Wofuna kugwetsa holo ya koleji ya aphunzitsi ija adzayenera kukapempha chilolezo ku ofesi yomweyo imene imateteza Northwards, ndipo pali kale akatswiri a mapulani amene akunena kuti konkire ya nthawi imeneyo nayo ndi mbiri yofunika kuisunga.